Kumasulira Masewera a Tchesi Ojambulidwa pa Chithunzi

Munthu woyenda pamsewu wochokera ku Blantyre kudzera pa Mwanza kupita ku Zobue ndi ku Tete amaona amuna atazungulira bawo pamthunzi. Wina atawajambula, chithunzicho chingaonetse maenje 32 ndi nkhomo zimene zili m'menemo, koma sichinganene amene ali ndi dzanja losewera, kapena malamulo amene awiriwo agwirizana kutsata. Vuto lomweli lasautsa akatswiri a mbiri yakale pomasulira zithunzi za masewera a tchesi. Zithunzi ziwiri za ku Ulaya zikuphunzitsa mmene umboni wooneka ndi maso uyenera kufunsidwira.

Choyamba ndi cha Lucas van Leyden wa ku Holland, chimene anachijambula cha m'ma 1508 ndipo chimasungidwa mumzinda wa Berlin. Pachithunzipo mayi akusewera ndi bambo, anthu ena ataimirira kumbuyo kwawo. Wowerenga timabwalo ta pathabwalo amadabwa, chifukwa tchesi ya masiku ano ili ndi timabwalo 64, pamene apa tilipo 96, ndiye kuti mizere 8 ya timabwalo 12. Wopupuluma anganene kuti mmisiriyo sankadziwa masewerawa. Koma zoona zake n'zakuti iye anajambula mtundu wina wa tchesi wotchedwa Courier, umene unkaseweredwa ku Germany kuyambira m'zaka za m'ma 1200, ndipo unakhalitsa m'mudzi wa Ströbeck. Malamulo ake anawalemba m'buku Gustavus Selenus m'chaka cha 1616.

M'masewera amenewo mfumukazi inkayenda kabwalo kamodzi kokha mopingasa. Mphamvu zimene ili nazo lero, zothamanga kuchokera kumapeto ena a thabwa kufikira ena, inazilandira ku Spain cha m'ma 1475, mu tchesi ya timabwalo 64. Choncho womasulira chithunzi cha Van Leyden ndi malamulo amakono angaone mfumu ili pangozi pamene palibe ngozi. Phunziro lake n'lakuti zinthu zakale ziyenera kuyezedwa ndi malamulo a nthawi yake.

Chachiwiri ndi cha Moritz Retzsch wa ku Dresden, amene anabadwa mu 1779 ndi kumwalira mu 1857. Mu 1831 iye anajambula mnyamata akusewera tchesi ndi Satana, chikole chake chili moyo wa mnyamatayo. Thabwa laikidwa pamwamba pa manda. Satana, amene watsomeka nthenga pachipewa, akuyang'ana mnzakeyo ndi diso lakuthwa. Mnyamatayo wagwira mutu, ndipo mngelo waima pakati pawo ndi nkhope yachisoni. Tizidole ta masewerawo si akavalo ndi asilikali wamba. Ta Satana tikuimira zoipa monga kunyada, bodza ndi ulesi, pamene ta mnyamatayo tikuimira makhalidwe abwino, ndipo tambiri mwa ito tadyedwa kale.

Mu 1888 magazini ya ku America yotchedwa Columbia Chess Chronicle inafalitsa nkhani yakuti Paul Morphy, katswiri wa tchesi wa ku New Orleans, anaona chithunzichi m'nyumba ya mbusa wina mumzinda wa Richmond. Akuti iye anayala tizidole monga tinalili pachithunzipo, natenga mbali ya mnyamatayo, nagonjetsa onse amene anasewera mbali ya Satana. Nkhaniyi yafala dziko lonse, ndipo alaliki ambiri amaikamba polimbikitsa otaya mtima kuti mfumu idakali ndi njira yopulumukira. Ena amawonjezera kuti chithunzicho chili m'nyumba ya Louvre ku Paris, chonsecho sichili kumeneko.

Uthengawo ndi wokoma, koma wophunzira mbiri ayenera kufunsa mafunso atatu. Kodi nkhaniyi inalembedwa liti? Morphy anamwalira mu 1884, ndiye kuti inatuluka patapita zaka 4 mwiniwake atatsikira kulichete, ndipo sakanatha kuivomera kapena kuikana. Kodi tizidoleto tingazindikirike? Popeza Retzsch anajambula zifanizo za makhalidwe, munthu aliyense amasankha yekha kuti aka ndi kavalo, ako ndi bishopu, ndipo kusintha kamodzi kokha kumasintha wopambana. Nanga cholinga cha mmisiriyo chinali chotani? Manda, nkhope ya mngelo ndi tizidole todyedwa zikusonyeza kuti iye ankachenjeza za kugonja. Amene anapezamo chipambano ndi anthu a pambuyo pake. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Luso lofunsa chotere silithera pa zithunzi za penti, ndipo boma la Mwanza likudziwa bwino zimenezi. Mu Meyi 1983, pamsewu wa ku Thambani panapezeka galimoto yogubuduzika, mkati mwake muli mitembo ya nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo, a David Chiwanga. Mtundu wonse unauzidwa kuti inali ngozi. Koma komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 1994, motsogozedwa ndi woweruza milandu a Harry Mtegha, inapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa, ndipo galimotoyo inangoikidwa kuti zioneke ngati ngozi. Malowo anayalidwa monga mmene mmisiri amayalira thabwa lake, ndipo kwa zaka 11 mabanja anayi anakhala ndi kumasulira kwabodza.

Motero wophunzira akaima pamaso pa chithunzi, chikalata kapena nkhani yakale, afunse kuti anayala zimenezi ndani, nthawi imeneyo malamulo anali otani, ndiponso amene akumasulirayo akufuna anthu akhulupirire chiyani. Thabwa la Van Leyden linkaoneka lolakwika koma linali loona. Nkhani ya Morphy imamveka yoona koma ilibe maziko olimba. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna kuwerenga timabwalo kamodzikamodzi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.