Chiponde cha kuchipatala: chakudya chimene ndi mankhwala

Chiponde cha kuchipatala, chimene azaumoyo amachitchula kuti RUTF, ndi chakudya chochizira ana onyentchera kwambiri, a miyezi 6 mpaka zaka 5. Dzina n'limodzi ndi chiponde chosinja mumtondo, koma ichi n'chosiyana: mu mtedza wogayawo amasakanizamo mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina. Kapaketi kamodzi kamalemera magalamu 92 ndipo muli mphamvu zokwana makalori 500.

Kale mwana wonyentchera ankagonekedwa m'chipatala masabata angapo, akumwa mkaka wapadera wotchedwa F-75 ndi F-100. Mkakawu umafuna madzi aukhondo osungunulira, ndipo ukasungunulidwa suchedwa kuwonongeka. Mayi ankasiya munda, geni ndi ana ena kuti adikirire wodwalayo. Ambiri ankatuluka mwana asanachire, ena sankapita n'komwe.

M'chaka cha 1996 dokotala wa ku France, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset, adapanga chiponde chotchedwa Plumpy'Nut. Nzeru yake ndi yakuti mulibe madzi ambiri, choncho tizilombo sitiswana. Sichifuna kuphika kapena firiji, ndipo mwana akhoza kuchira ali kwawo. Dziko lathu lidatengapo gawo lalikulu poyesa njirayi. Dokotala wa ku America, Mark Manary, adachita kafukufuku wake kuno ndipo adayambitsa Project Peanut Butter, yomwe imapanga chiponde ku Blantyre. M'chaka cha 2002 mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International adayamba kuchiza ana kumudzi m'boma la Dowa. Pa njala ya ku Niger mu 2005, bungwe la Médecins Sans Frontières lidachigwiritsa ntchito pa ana zikwizikwi, ndipo mu 2007 WHO, WFP ndi UNICEF adavomereza njirayi padziko lonse.

Si mwana aliyense wowonda amene amalandira. Kusikelo, alangizi a zaumoyo amayeza mkono ndi kalamba kamitundu. Kakasonyeza kufiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi. Chimodzimodzi mwana wotupa mapazi onse awiri, ngakhale akuoneka wonenepa. Kutupikana kumeneku ndi matenda a kusowa chakudya choyenera, osati tsempho kapena kulodzedwa. Mwana amayamba wamulawitsa chipondecho. Akadya bwino amapita nacho kunyumba. Akakana, kapena akakhala ndi matenda ena aakulu, amagonekedwa.

Vuto lalikulu lili kunyumba. Chiponde n'chokoma, ndipo ife tidaleredwa kuti mwana sadya yekha anzake akuyang'ana. Mwambowu ndi wabwino pa mbale ya nsima ndi usipa, koma pano umapweteka. Mapaketi amawerengedwa molingana ndi kulemera kwa wodwalayo. Akagawidwa, mwana sachira pa nthawi yake. Wogulitsa chipondechi pamsika, ngakhalenso wochigula kuti apake pa buledi, wadya amana ya mwana wodwala.

Pomudyetsa, sambani m'manja, mumupatse pang'onopang'ono kuchokera m'paketi momwemo, ndipo pafupi pakhale madzi akumwa aukhondo chifukwa chimachititsa ludzu. Ngati akuyamwa, ayambe wayamwa kenako adye. Chithandizochi nthawi zambiri chimatenga masabata 6 mpaka 8, ndipo mwana asasiye kupita kusikelo kufikira azaumoyo atamutulutsa okha.