Sitampa yopanda nambala

M'sutikesi ya agogo anga ku Senga Bay muli makalata a achimwene awo amene anatchona ku Zimbabwe. Emvulopu ina ya m'zaka za m'ma 2000 inandidabwitsa: pa sitampa yake palibe mtengo, pali chilembo "A" basi.

Nthawi imeneyo ndalama ya ku Zimbabwe inkagwa mothamanga moti mtengo wosindikizidwa pa sitampa unkatha ntchito sitampayo isanagulidwe n'komwe. A positi anangoika zilembo: Z ya makalata a m'dziko momwemo, A ya mu Africa, E ya ku Ulaya, R ya kwina konse. Mtengo unkaumva pa kauntala tsiku logula.

Nzeruyi sinayambire kumeneko. Britain inatulutsa masitampa a "1st" ndi "2nd" mu 1989, ndipo America inabweretsa a "Forever" mu 2007 pa masenti 41. Amene anagula chaka chimenecho angathe kutumizira kalata lero osawonjezera kanthu.

Kwathu kuno tinakakamira manambala. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, ndipo m'zaka zaposachedwa masitampa akale akhala akudindidwa mtengo watsopano pamwamba pa wakale.

Kwa ine, nkhani yagona pa amene amaluza. Kwacha ikagwa, monga inachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wosunga sitampa ya nambala ndiye amapsa. Ya chilembo ikanamuteteza, koma chitayikocho chikanagwera positi ofesi, imene ngakhale agogo anaisiya kalekale chifukwa cha WhatsApp ya adzukulu.