Zimene pulasitala amabisa

Kwathu kuno ku Dowa ndi Ntchisi, mawu oti maziko tinkawadziwa ngati ngalande yosaya yodzaza njerwa ndi matope. Lero pa Mponela pakukwera nyumba zosanjikizana, ndipo zabwera ndi mawu ake: silabu, mapilala, ring'ibimu, konkire. Womangitsa akapanda kuwamvetsa, ndalama zake zimamangira anthu manda.

Konkire ndi simenti, mchenga, miyala yoswa ndi madzi, chilichonse pa muyeso wake. Bilidala akati "tatambasula thumba", ndiye kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 lakumana ndi mawilibala a mchenga oposa muyeso. Konkire yotere imanyenyeka ukaikanda ndi msomali. Kuthirira konkire madzi nakonso si mwambo chabe. Konkire imafika pa mphamvu yomwe injiniya anawerengera patatha masiku 28, ndipo ikauma msanga padzuwa la mu Okutobala imakhala yofooka mpaka kalekale.

Omanga akachotsa matabwa oumbira konkire, yang'anani pilala. Ngati ili ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, konkire sinatsenderedwe. Madzi adzalowa, zitsulo zidzachita dzimbiri. Mng'alu nawo uli mitundu. Wopyapyala ngati tsitsi kawirikawiri ndi wa pulasitala. Wotsika mopingasa kuchoka pa ngodya ya windo, n'kumakula chaka ndi chaka, ukunena kuti maziko akutitimira. M'mapiri muno zimachitika nyumba ikakhala mwendo umodzi pa thanthwe, wina pa dothi lothira. Tisaiwalenso kuti chivomerezi cha ku Salima cha mu 1989 chinachitikira pafupi nafe.

Mawu aakulu kuposa onse ndi kuyendera. Khonsolo imavomereza pulani, bungwe loona za zomangamanga limalembetsa makontirakitala, koma sitampa papepala siiona zitsulo. Woyendera weniweni amafika konkire isanathiridwe, n'kuwerenga zitsulo, n'kuyeza kunenepa kwake ndi mipata yake. Konkire ikaphimba, cholakwacho chabisika.

Pa 6 Meyi 2024 nyumba yosanjikizana yomwe inkamangidwa ku George, ku South Africa, inagwa n'kupha anthu 34, ena mwa iwo Amalawi omwe anapita kukasaka ganyu. Ambiri anali antchito wamba, osati olamula muyeso. N'chifukwa chake ndikufuna mawu amenewa adziwike kwa mnyamata wa wilibala ndi mayi wotunga madzi pa sayiti, pakuti iwo ndiwo amaima pansi pa silabu tsiku lochotsa mitengo yochirikiza.