Chingwe cha Mmisiri ndi Akatswiri a ku Baghdad

Mmisiri akamayala maziko a nyumba kapena mzikiti, amakhoma zikhomo n'kuyeza mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali inayo. Chingwe cholumikiza nsonga ziwirizo chikakwana mamita 5, amadziwa kuti ngodyayo ndi ya sikweya, ya madigiri 90. Chikapitirira kapena kuperewera, khoma lidzapotoka, malata adzavuta kukhoma, ndipo mumzikiti mizere ya swala idzakhota.

Chinsinsi chake n'chakuti 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, pamene 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Ziwirizi zikaphatikizidwa zimapereka 25, yemwe ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Miyeso ya 5, 12 ndi 13 imachitanso chimodzimodzi.

Nzeruyi ndi yakalekale. Phale ladothi la ku Babulo lotchedwa Plimpton 322, lolembedwa zaka pafupifupi 1800 Mtumiki Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe, lili ndi manambala amtunduwu. Agiriki anaipatsa dzina la Pythagoras, ndipo Euclid wa ku Alexandria anatseka gawo loyamba la buku lake ndi umboni wakuti mbali zitatu zikagwirizana motere, ngodyayo ndi ya sikweya ndithu.

Bukulo linalowa m'Chiarabu ku Baghdad, pomwe al-Hajjaj ibn Matar analimasulira m'nthawi ya Khalifa Harun al-Rashid. Thabit ibn Qurra, yemwe anamwalira mu 901, sanali Msilamu, komabe anapatsidwa ulemu m'bwalo la Khalifa, ndipo anapeza njira zina zotsimikizira lamuloli.

Amene anayandikira kwambiri amisiri ndi Abu al-Wafa al-Buzjani, wobadwa mu 940. Iye ankakhala nawo pamisonkhano ya akatswiri a masamu ndi anthu a ntchito zamanja, ndipo anaona kuti njira zina za amisiri zinkakhutiritsa diso koma zinkalephera zikayesedwa ndi masamu. Choncho anawalembera buku la zojambula zimene mmisiri amafunikira pa ntchito yake.

Abale ndi alongo, mwana akamadandaula kuti masamu ndi ovuta, tisamuuze kuti amenewo ndi maphunziro achilendo kwa Msilamu. Makolo athu m'chipembedzo anawalandira, kuwasunga ndi kuwakulitsa. Chisilamu chimatilamula kukwaniritsa muyeso, ndipo womanga amene sayeza ngodya amamudyera masuku pamutu mwini nyumba, ngakhale atachita mosadziwa.