Chibakuwa cha Mafumu ndi Mnyamata wa ku London

Kale nsalu ya chibakuwa inali ya mafumu ndi anthu olemera okhaokha. Maonekedwe ake ali pakati pa kufiira ndi kubiriwira kwa thambo, ndipo utoto wake unali kuchokera ku nkhono za m'nyanja ya Mediterranean. Anthu a mumzinda wa Tyre ndiwo anatchuka pa ntchito imeneyi. Iwo anali kuswa zigoba za nkhonozo, kuchotsa kachiwalo kamene kali ndi utoto, kuthira mchere, ndi kuphika pa moto wochepa masiku ambiri. Fungo lake linali loipa kwabasi.

Nkhono imodzi inali kupatsa kadontho chabe. M'chaka cha 1909 katswiri wina, Paul Friedländer, anayesa ntchitoyi. Anaswa nkhono 12,000, koma utoto umene anapeza unali magalamu 1.4, wosadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi. Nchifukwa chake mtengo wa chibakuwa unali waukulu, ndipo mafumu ena a ku Rome anaika malamulo oletsa anthu wamba kuchivala. Munthu akaoneka m'njira atavala chibakuwa, aliyense anali kudziwa kuti akudza wamkulu.

Amene anasintha zinthu zimenezi ndi mnyamata wa zaka 18, dzina lake William Henry Perkin, amene anabadwira ku London m'chaka cha 1838. Iye sanali kufuna utoto ayi; anali kufuna mankhwala a malungo. Masiku amenewo kwinini anali kuchokera ku makungwa a mtengo wa cinchona, wa kumapiri a ku South America, ndipo anali wosowa. Mphunzitsi wa Perkin, Mjeremani wotchedwa August Wilhelm von Hofmann, anaganiza kuti mwina kwinini angapangidwe kuchokera ku phula la malasha. Phulali linali lochuluka mu London, pakuti linali kutsala pamene anthu anali kuwotcha malasha kuti apeze mpweya woyatsira nyale za m'misewu.

Tsono pa tchuthi cha Pasaka m'chaka cha 1856, Perkin anayesa ntchitoyi m'kachipinda ka kunyumba kwa atate wake. Kwinini sanatuluke. M'botolo munatsala zinthu zakuda zonga matope. Wina akadataya matopewo ndi kukagona, koma Perkin anathiramo spiriti, ndipo anaona madzi akusanduka chibakuwa chowala. Ataviikamo kansalu ka silika, utoto unagwira, ndipo sunasuluke pochapa.

Anatumiza kansalu kwa a Pullar, onika nsalu a mumzinda wa Perth ku Scotland. Iwo anayankha kuti utotowo ungakhale wa phindu lalikulu ngati mtengo wake sukhala wokwera. M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho Perkin analembetsa utotowo ku boma kuti ndi wake, nasiya sukulu. Hofmann sanakondwe nazo. Koma atate wake a mnyamatayo anatulutsa ndalama zimene anasunga, ndipo m'chaka cha 1857 anamanga fakitale ku Greenford, pafupi ndi London, mothandizana ndi mkulu wake wa Perkin, Thomas. Kumeneku kunali kulimba mtima, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe mwa atatuwo amene anayendetsapo ntchito yotere.

Utotowo anautcha mauve, dzina la duwa lina m'Chifalansa. Mwayi unawagwera, pakuti zaka zomwezo Eugénie, mkazi wa mfumu ya ku France, anakonda mtundu umenewu, ndipo akazi ambiri anafuna kufanana naye. Posachedwa misewu ya London inadzaza ndi madiresi, maliboni ndi zipewa za chibakuwa. Perkin analemera, nagulitsa fakitale yake m'chaka cha 1874, nabwerera ku ntchito yofufuza imene anaikonda. Anamwalira m'chaka cha 1907.

Akatswiri ena, makamaka a ku Germany, anatsata njira yake napeza mitundu ina yambiri m'phula lomwelo. Koma si onse amene anapindula. Utoto wofiira unali kuchokera ku mizu ya chomera chotchedwa madder. Pamene wa m'fakitale unapezeka cha m'ma 1869, alimi a ku France anasowa wogula mizu yawo. Chimodzimodzi ku India, kumene kunali minda yaikulu ya indigo, chomera cha utoto wobiriwira ngati thambo. Kampani ya BASF itayamba kugulitsa indigo wa m'fakitale m'chaka cha 1897, malonda a minda imeneyo anagwa m'zaka zowerengeka.

Nanga za malungo zinatha bwanji? Madokotala anaona kuti utoto wina wa mtundu watsopanowu umagwira tizilombo ta matenda monga umagwirira nsalu. M'chaka cha 1891 Paul Ehrlich anapatsa odwala malungo awiri ku Berlin utoto wotchedwa methylene blue, ndipo anapeza bwino. M'chaka cha 1904 Gustav Giemsa anakonza utoto wothira pa dontho la magazi. Kufikira lero, m'zipatala zambiri, wodwala akabayidwa chala, magazi ake amawapaka pa kagalasi ndi kuwanika ndi utoto umenewo. Akatero, kachilombo ka malungo kamaoneka bwino pa makina okuza zinthu: thupi lake lobiriwira, ndi kadontho kofiira pambali.