Said al-Mufti, Mwana wa Othamangitsidwa

Tikamatchula Jordan, ambirife timangoganiza za Aluya. Komatu amene adautsa mabwinja a Amman mu 1878 adali Asilamu a mtundu wa Circassian, othamangitsidwa ndi Russia kumapiri a Caucasus. Mwana wawo, Said al-Mufti, wobadwa mu 1898, adakhala nduna yaikulu katatu. Mu 1950, nthawi ya Mfumu Abdullah, West Bank idalumikizidwa ku Jordan iye ali pampando.

Mpamene timamukumbukira kwambiri ndi Disembala 1955. Britain idatuma General Templer kudzanyengerera Jordan kulowa mgwirizano wa Baghdad. Nduna zinayi zaku West Bank zidatula pansi udindo. Al-Mufti naye adatula, osasaina. Hazza al-Majali adalowa m'malo mwake akufunitsitsa kusaina, koma zionetsero za m'misewu zidamugwetsa sabata isanathe.