Hiram Revels pa Khomo la Senate

M'mwezi wa February 1870 akuru a Senate, ndilo bwalo lalikuru lopanga malamulo ku America, anatsutsana kolimba za munthu mmodzi amene anaima pa khomo pao. Dzina lace Hiram Revels, mbusa wa Mpingo, munthu wakuda, wotumidwa ndi cigawo ca Mississippi. Kufikira pamenepo panalibe wa khungu lace anakhalapo m'bwalomo.

Omkanawo anatsamira pa lamulo lakuti wolowa m'Senate akhale mbadwa ya dzikolo zaka 9. Tsono mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, oweruza akuru adagamula kuti wakuda sali mbadwa, ndipo cigamuloco cinafafanizidwa mu 1868. Cotero iwo anamwerengera Revels zaka ziwiri zokha. Ife tiyesa kuwerenga kumeneku cinyengo. Pakuti munthuyu anabadwa mfulu ku Fayetteville, North Carolina, mu 1827. Anadzozedwa ubusa mu 1845, namangidwa ku Missouri mu 1854 cifukwa ca kulalikira kwa anthu akuda. Ndipo pa nkhondo ya paciweniweni anasonkhanitsa asilikari akuda, nakhala mbusa wao. Nanga wotere nkumuyesa mlendo? Pa 25 February anamlandira: 48 anabvomera, 8 anakana.

Anakhala m'bwalomo caka cimodzi cokha. Anatsutsa kulekanitsa ana akuda ndi oyera m'masukulu a ku Washington, koma sanapambane. Anathandizanso amisiri akuda kupeza nchito pa bwalo lokhomera zombo za nkhondo mumzindamo. Cotidabwitsa ndi ici, kuti anapempha kuti a kumwera amene adaukira boma pofuna kusunga ukapolo akhululukidwe. Ena a mtundu wace anamuyesa wofatsa mopitirira, makamaka mu 1875, pamene analembera President Grant kalata yodzudzula atsogoleri a cipani cace ca Republican ku Mississippi. Apa ifenso sitifulumira kumyamikira, popeza caka comweco azungu anaopseza ndi kupha akuda kuti asaponye voti, ndipo kalatayo inakondweretsa adani ao.

Atacoka ku Senate anakhala mkuru woyamba wa sukulu ya Alcorn, yophunzitsa anyamata akuda. Anamwalira mu January 1901 ali pa msonkhano wa Mpingo ku Aberdeen, Mississippi. Wakuda waciwiri, Blanche K. Bruce, anaturuka m'Senate mu 1881. Wacitatu, Edward Brooke, analowamo mu 1967.